Amalume Ako Akubwera Lachisanu

Zelipa mwana wanga,

Ndikudziwa kuti useka ukaona kalata, poti kumene ukupitako ndi ku Kalingalinga chabe, maminibasi awiri kuchoka pano pa Kanyama, ndipo ukaiwala poto ungathe kudzatenga n'kubwerera dzuwa lisanalowe. Koma ndikalankhula pakamwa umangoti "ehe, ehe" maso ali pa foni, ndiye ndaona kuti munthu wa zolembalemba ndi bwino kumugwira ndi pepala. Panopa wapita kokalukitsa tsitsi. Makina ndaphimba, ndakhala pa tebulo lodulira nsalu. Za mabulangete, za anyamata ndi za kutchalitchi ndinakuuza kale, ndipo unamvapo zimene unafuna kumva. Yatsala nkhani imodzi, ya Lachisanu.

Lachisanu gulu lanu la alakatuli ku yunivesite likulandira ophunzira atsopano, ndipo akusankha iwe kuti ukalakatule. Ndinakondwa utandiuza, mpaka pano ndikadali wokondwa. Chaka chonse chimene unkadikira malo unkapita kwa anzakowo Loweruka lililonse, mvula kaya dzuwa, n'kumabwera ndi mabuku obwereka onunkha chinyezi, amene unkandiletsa kuikapo kapu ya tiyi. Wavutikira, ndipo mwayiwu ndi wako. Amalume ako a Lazaro nawonso anamva, ndipo anamva kuti ndakatuloyo ikunena za iwo. Unawauza wekha tsiku lija ukutsuka mbale, mongodutsa. Zimene zili m'katimo sunawauze.

Ine ndikuzidziwa. Usaganize kuti ndinapisa m'chikwama mwako. Umayeserera kubafa, ndipo bafa lathu ndi malata atatu ndi chinsalu cha pakhomo. Ndaimva kangapo ndikuchapa, moti ukaiwala pakati ndingathe kukukumbutsa. Ndi ya m'mawa uja wa mvula, uli wamng'ono, ndikukuperekeza kusukulu, pamene tinapeza amalume ako atagona m'ngalande pafupi ndi bawa, matope mpaka m'makutu, nsapato imodzi ikuyandama payokha, anyamata oitanira minibasi akuwatokosa ndi bango kuti aone ngati ali moyo. Wailemba bwino. Ulendo woyamba utafika pa nsapatopo ndinasiya kuchapa. Ndipo wailemba m'Chinyanja chathu chomwechi cha m'komboni, moti amalume ako sadzaphonya ngakhale liwu limodzi.

Iwo akubwera Lachisanu, Zelipa. Tayi anakagula ku Kamwala. Jekete abwereka kwa a dikoni, ndipo ndine ndapinda manja ake dzulo, chifukwa a dikoni ndi aatali. Kumsika kumene amakankha wilibala palibe amene sanauzidwe. Mayi wina wogulitsa kapenta anandiimitsa pa msewu n'kunena kuti, "Amake Zelipa, ati mwana wanu analembela ba Lazi poyemu? Ati azaibelenga pa maiki ku yunivesiti? Ba Lazi sibaleka kukamba, mwandi, matu yathu yalema nabo." Ndinangoti inde, n'kupitirira.

Za ndakatulo ine sindidziwa. Anzako ndi aphunzitsi ako adzakuphunzitsa kuposa mmene ndingachitire, ndipo uziwamvera. Chimene ndikudziwako ndi chimodzi. Zaka zonsezi amayi a kumpingo akhala akundituma kulemba ndi kuwerenga mbiri ya malemu pa maliro, chifukwa chakuti ndili ndi mawu okwera ndipo sindilira msanga. Kuima pamaso pa gulu n'kumanena moyo wa munthu wina ndi ntchito imene ndalakwitsapo mokwanira, ndiye ndikuuze mmene ndinalakwitsira.

Maliro oyamba anali a bambo wina womanga nyumba, a Tembo, iwe usanabadwe. Ndinapita kwa akulu awo, amene anakhala panja pa moto ndi azibambo anzawo, ndipo anandiuza zonse mwadongosolo, kumene anabadwira ku Katete, mmene anabwerera ku Lusaka, ndiponso kuti asiya mkazi ndi ana anayi. Ndinalemba bwinobwino, n'kukawerenga kumanda ku Chunga ndi mawu anga onse. Itakwana nthawi yoika nkhata za maluwa, ataitana mkazi wa malemu, ananyamuka azimayi awiri. Wachiwiriyo anali ndi mwana kumsana ndi ena awiri m'manja. Anawakankhira kutsogolo n'kufunsa, osati abale, koma ineyo wogwira pepala, kuti, "Nanga aba bana ni ba ndani?" Anthu anayamba kukokana zitenje pamwamba pa manda, abusa akuimbitsa nyimbo kuti phokoso lisamveke. Chodabwitsa n'chakuti aliyense pamalirowo ankadziwa za mayiyo, kupatula ine. Ngakhale mkazi wamkulu anandiuza pambuyo pake kuti, "Sembe munanifunsa, sembe ninakuuzani kuti muikemo maina ya bana. Bana sibanalakwe."

Madzulo ake amayi a Nyendwa, amene ankatsogolera amayi a kumpingo nthawi imeneyo, anandikhazika pansi. Sanandikalipire. Anangondiuza mmene ntchitoyi imayendera. Ukamaliza kulemba, sunathe. Umalowa m'nyumba ya maliro, mmene atulutsa mipando ndipo azimayi akhala pansi motsamira makoma, umavula nsapato, umakhala pansi nawenso, n'kuwawerengera eni ake zonse kuyambira pamwamba mpaka pansi, mtembo usananyamuke. Wofuna kukangana akangane m'nyumbamo. Wofuna kulira alire m'nyumbamo. Pofika kumanda palibe mwini nkhani amene akumva chinthu koyamba pamaso pa alendo. Kuyambira tsiku limenelo sindinawerengepo mbiri panja ndisanaiwerenge m'nyumba. Iwenso uwawerengere kaye amalume ako.

Mwina ukuganiza kuti ndikufuna uthiremo shuga. Ayi, shuganso anandichititsapo manyazi. Ukukumbukira a landilodi aja a kuseri kwa chigayo, amayi a Mwanza, amene ankakhoma mpopi ndi loko n'kumathamangitsa ana pa mtengo wa mango ndi mpini wa tsache? Iwenso anakuthamangitsapo. Atamwalira ndinavutika kuti ndilembe chiyani, ndiye ndinalemba zimene timalemba tikasowa chonena, kuti anali mayi wofatsa, wokonda ana a anthu onse, wosadziwa kukweza mawu. Ndinawawerengera m'nyumba. Kenako mwana wawo wamkulu, maso ali ofiira ndi kulira, anaphulika kuseka. Anati, "Aba ni ba mayi ba ndani? Bathu benze na kamwa. Lembani vazoona, banthu bazatiseka." Tinakonza pomwepo, azakhali akuponyamo mawu, adzukulu akuponyamo awo. Tinalemba kuti anali mayi wolimba, wosaseka ndi munthu, amene anafedwa mwamuna akadali mtsikana n'kumanga zipinda zonse zija ndi manja ake. Kumanda anthu ankagwedeza mitu, ngakhale aja ankakhomeredwa mpopi. Eni ake a nkhani nthawi zambiri amapirira choona kuposa mmene ife olemba timaganizira. Chimene sapirira ndi kudzidzimutsidwa pagulu.

Koma ndisakunamize kuti nthawi zonse amavomera. Panali mlonda wina, a Daka, amene ankalondera sitolo ya amwenye usiku n'kubwera kutchalitchi osadzera kunyumba. Ulaliki ukangoyamba ankagona, ndipo mkonono wawo unkamveka mpaka kwa oimba. Pa mbiri yawo ndinalemba kuti anthu ena Mulungu amawadziwa ndi nyimbo zawo, koma a Daka ankawadziwa ndi mkonono, ndipo sanajombe Lamulungu ngakhale limodzi. Ndinalemba mwachikondi, ndipo mpaka lero ndimaona kuti sindinalembepo china chokoma kuposa pamenepo. Nditawerenga m'nyumba ena anamwetulira. Mkazi wawo anandigwira bondo n'kunena motsitsa kuti, "Apo chosanipo. Benze kumvela nsoni maningi. Bakabwela kunyumba benze kunifunsa ngati banthu banamvela." Ndinayesa kufotokoza kuti si chipongwe. Anati akudziwa kuti si chipongwe, koma ndichotse. Ndinachotsa. Zinandipweteka, ndipo ndinayenda ulendo wonse wa kumanda nditakwiya mumtima ngati mwana wolandidwa chitumbuwa. Kumandako palibe anadziwa kuti pasowa kanthu. Ndikukuuza izi kuti upite kwa amalume ako ukudziwa kuti akhoza kukana, ndipo kuti zikakupweteka usadabwe.

Tsono onse amene ndakuuzawa anali akufa. Womwalira sakumva, amene timawateteza ndi otsala. Amalume ako ali moyo, ndipo ndikuwadziwa mlongo wanga, akakhala mpando wa kutsogolo kwenikweni.

Sindiwaikira kumbuyo. Tsiku lija anali ataledzera, ndipo silinali tsiku loyamba. Chaka chimenecho akazi awo anali atanyamula ana n'kubwerera ku Chipata, koma mowawo anayamba akazi awo asanachoke, ndipo mwina n'chifukwa chake anachoka. Zimene unaona ndi zimene zinachitika. Chimene sunaone ndi cha pambuyo pake. Nditakusiya kusukulu ndinabwerera, tinawanyamula ndi a neba, ndinawathira madzi kuseri kwa nyumba. Mutu utayamba kugwira ntchito sanafunse za nsapato kapena za wilibala imene anaisiya panjira. Anafunsa kuti, "Mwana anaona?" Ndinawauza kuti ndiwe wamng'ono, pofika mawa ukhala utaiwala. Nanenso ndinkaganiza choncho. Iwo mpaka lero amakhulupirira zimenezo. Mowa anadzasiya patapita zaka, pawokha, popanda pemphero la abusa kapena kukalipa kwanga, ndipo za ngalande ija sitinakambiranenso. Akamva kuti mwana walemba za iwo, m'mutu mwawo muli zina. Akuganiza za masiku a madzi osefukira, pamene ankakukweza pa wilibala pamodzi ndi chikwama chako kuti yunifolomu isanyowe, iwe ukuwalamula kuti athamange. Ndi zimene akuuza anthu kumsika. M'ndakatulo yako mulibe wilibala. Sindikuti uikemo, ndakatuloyo ndi yako. Ndikungokuuza chimene iwo akubwera kudzamva.

Anzako a Loweruka ndi ana abwino. Uja wa tsitsi lopotana amene unabwera naye kuno anandipatsa moni mwaulemu, anadya zimene ndinamupatsa osasankha, kenako anajambula msewu wathu wa madzi ndi foni mpaka batire kutha. Ndakatulo yako adzaikonda. Ana a yunivesite amakonda kumva za Kanyama, makamaka amene sanavulepo nsapato kuti awoloke msewu, ndipo sindikuwadzudzula, munthu amachita chidwi ndi zimene sanazione. Ukamaliza, wina adzanong'oneza mnzake kuti amalume akewo ndi awo avala jekete, ndipo mitu idzatembenuka. Sadzaseka. Adzawayang'ana ndi chisoni, chimene kwa amalume ako n'choipa kuposa kusekedwa. Wina adzakhala akujambula, chifukwa masiku ano palibe chimachitika osajambulidwa, ndipo pofika Loweruka mayi wa kapenta uja adzakhala ataonera pa foni ya mwana wake. Anzakowo adzapita kukagona atasangalala ndi madzulo abwino a ndakatulo. Amalume ako m'mawa mwake adzafunika kutenga wilibala n'kulowa mumsika.

Ndiye uwawerengere kaye, Zelipa. Osati pa foni, ndiponso osati mawa m'mawa pamene akukunyamulira katundu kupita pa siteshoni, anthu akudutsa, iwe ukuyang'ana minibasi. Pakati pa Lolemba ndi Lachisanu pali masiku, ndipo ndanena kale kuti ndi maminibasi awiri. Ubwere masana ena, upite kuchipinda kwawo akaweruka, utseke chitseko. Iwo akhale pa bedi, iwe pansi. Usayambe ndi kufotokoza. Ndakuona mmene umachitira ukachita mantha, umalankhula Chingerezi chambiri n'kumaseka pakati. Ungonena kuti, amalume, iyi ndi imene ndikufuna kukawerenga, ndafuna muyambe mwamva ndinu. Kenako uwerenge yonse mmene ukawerengere kumeneko, osameza mawu pa nsapato paja, osadumpha anyamata a bango. Ukamaliza ukhale chete. Pamenepo ndi povuta kwambiri pa ntchito yonseyi. Pamakhala kanthawi kamene mwini nkhani amayang'ana pansi, ndipo pakamwa pako pamayabwa kuti unene kuti ndingathe kusintha, kapena kuti ndi ndakatulo chabe. Usanene. Udikire mpaka alankhule okha.

Chimene akanene sindikudziwa, ngakhale tinabadwa mimba imodzi. Akhoza kukuuza kuti ukawerenge, ndipo akatero ukawerenge mokweza, iwo ali pomwepo akudziwa chimene chikubwera, atasankha okha kukhala pampandopo. Akhoza kukuuza zina za m'mawa umenewo zimene ine ndi iwe sitikuzidziwa, chifukwa m'ngalandemo munali iwo. Akhoza kukuuza kuti ukawerenge koma iwo sabwera. Akhozanso kukana. Akakana, uli ndi zina. Ija ya mzere wa pa mpopi ndi yabwino, ngakhale wandinamiziramo kuti ndimalowerera mzere. Ija ya malaiti ozima nayonso anthu adzaseka. Udzaona ngati wataya mwayi wako waukulu pamaso pa anthu amene ukufuna kuti akuone, ndipo mwina udzandikwiyira ine. Ukwiye, palibe kanthu. Gulu lanulo limakumana sabata iliyonse, ndipo uli ndi zaka zinayi kumeneko. Ndakatuloyo uisunge, siola. Anthu amasintha maganizo, makamaka akaona kuti unawafunsa.

Mwina anzako ena adzakuuza kuti wolemba sapempha chilolezo kwa munthu. Mwina m'mabuku muli choncho, sindinawerenge. Kulemba lemba chilichonse, usiku ndi usana, za aliyense, ndipo wina asakuletse, ngakhale ine. Chimene ndikunena ndi kuima pa maiki. Ndipo nkhaniyi sithera pa amalume ako. Ulibe anthu ena oti uziwalemba koma ife. Udzalemba za atate ako ndi mmene anatisiyira, udzalemba za a neba, za mnzako wogona naye chipinda, za mnyamata amene adzakukhumudwitse chaka chino kapena chamawa. Kumenekonso udzamva anzako akulakatula za amayi awo ndi azakhali awo. Uziwamvetsera bwino, uziwayamikira pamene achita bwino, uzibwereka mabuku awo n'kubweza. Koma uzikumbukira kuti mayi aliyense wa m'ndakatulo ali ndi nyumba kwinakwake, ndipo mwina sakudziwa kuti ali pa maiki. Ya za ine ikadzabwera, ndipo ndikudziwa kuti ibwera, udzandipeza pa makina. Udzandiuze ndisiye kupalasa, ndidzamvetsera.

Ine sindiwauza amalume ako kanthu. Ndinaganizapo, koma ndaona kuti akamva kwa ine adzadziwa zinthu ziwiri nthawi imodzi, kuti unaona, ndiponso kuti unkafuna kukanena kwa alendo iwo osadziwa. Akamva kwa iwe adzadziwa chimodzi chokha, ndipo chimenecho angathe kuchisenza. Sindiwaletsanso kubwera. Ukasankha kungokhala chete mpaka Lachisanu, ndidzavala chitenje changa chatsopano, ndidzakwera nawo minibasi, ndidzakhala pambali pawo, ndipo ndidzabwerera nawo kuno. Ulendo wobwererawo ndi umene ndikuuopa, ndipo ndikunena poyera kuti ndikuuopa.

Anabwera masana ano kudzatenga jekete. Anaivala, anadziyang'ana pa galasi la makasitomala, anatembenuka uku ndi uku. Kenako anakhala pa benchi n'kundifunsa ngati n'zoona zimene unawauza, kuti kumeneko munthu akalakatula bwino sawomba m'manja, amangoliza zala. Ndinati ndamva choncho. Anati akhala akuyeserera kumsika akamadikira katundu, koma zikukanika. Anandionetsa. Zala zawo zinauma ndi zigwiriro za wilibala, chachikulu chimangotsetsereka pa chinzake osatulutsa phokoso. Anayesa dzanja lamanja, anayesa lamanzere, n'kuseka okha. Anati, "Nizayesa futi mawa. Sinifuna kumuchititsa nsoni mwana pa banzake."

Ndine mayi ako,
Esinati